Kiyi Ali pa Nkhope ya a Serafim

ASOSIYASAU YA ALIMI NDI OKUMBA GOLIDE YA KASUPE, CHIPERA
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 15 Fevereiro 2025
Malo: Kachipinda ka kuseri kwa chigayo cha a Paulino Nyendwa
Nthawi: Tinapangana 9 koloko m'mawa, koma tinayamba itapitirira chifukwa cha mvula

Amene analipo:
A Paulino Nyendwa, wapampando
Dona Arlete Sakala, msungichuma
A Cláudio Saíde, oimira okumba golide
A Serafim Mvula, wosunga kiyi wa konta
Eulália Miti, mlembi

Amene sanabwere:
A Olímpio Lungu, wachiwiri kwa wapampando. Ali ku Chiputo, mitsinje yadzaza.
Mai Jacinta Mumba. Sanatumize mawu.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anazimitsa chigayo kuti timvane, ndipo anapempha Dona Arlete kuti apemphere. Pempherolo linali lalifupi chifukwa Dona Arlete anasiya baraka yawo, kagolosale kawo, m'manja mwa mlamu wawo amene samukhulupirira. A Serafim anafika pomalizira atadzera m'munda wa chimanga, monga amachitira tsiku lililonse la msonkhano, kuti anthu asawaone akulowa pamodzi ndi ife. Anakhala pa thumba la gaga pafupi ndi chitseko, ngakhale pa benchi panali malo.

Wapampando anawapepesa m'dzina la komiti pa imfa ya mkazi wawo, mai Rebeca, amene anatisiya mwezi watha. A Serafim anati zikomo. Anameta mutu ndi ndevu monga mwa mwambo wa maliro, ndipo aonda kotero kuti malaya awo akuoneka ngati obwereka.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwa za msonkhano wa mu Novembro, ndipo zinavomerezedwa popanda kusintha. Wapampando anati malamulo a kiyi awerengedwe monga mwa chizolowezi, ndiponso alembedwe onse m'zolembedwa zino kuti amene sanabwere asadzanene kuti anaiwala.

Mwachidule, nkhani yake ili motere. Ogula golide wa asosiyasau, ndiye gulu lathuli, anasiya kulipira ndi ndalama zogwira m'manja. Amatumiza ndalama za kripito, zimene kuno timangoti madola a pa foni. Madolawo amakhala mu konta, ndiye akaunti, ya pa intaneti, ndipo timawasinthira momwemo tikafuna metikali yogulira adubu, ndiye feteleza, kapena mafuta a pampu. Kontayo inatsegulidwa m'dzina la a Serafim zaka ziwiri zapitazo, chifukwa pa nthawiyo iwo okha ndiwo anali ndi bilyeti, chiphaso cha unzika, yosatha ntchito. Kuti itseguke pamafunika zinthu zitatu: senya, ndiye mawu achinsinsi amene ali m'mutu mwawo, kodigu, ndiye nambala imene imabwera pa foni yawo, ndi nkhope yawo, imene foni imaiyerekeza ndi chithunzi cha pa bilyeti. Zitatuzi pamodzi ndizo timazitcha kiyi.

Malamulo tinawaika titamva zimene zinagwera gulu lina ku Malowera. Kumeneko munthu anabwereka foni ya msungichuma kuti aimbire mai ake, anapita nayo kuseri kwa nyumba, ndipo pofika madzulo konta yawo inali itasesedwa. Malamulowo ndi awa:

Loyamba: foni ya kiyi isabwerekedwe kwa munthu aliyense, ndipo isasiyidwe potchajitsa popanda mwini wake.
Lachiwiri: wosunga kiyi asaulule udindo wake kwa munthu wa kunja kwa komiti, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake.
Lachitatu: a komiti asaoneke pakhomo pa wosunga kiyi, kuti akuba asalondole phazi.

Wapampando anati malamulowa ndi amene asunga chuma cha asosiyasau mpaka lero. Palibe anatsutsa, chifukwa ndi zoona.

3. Zotuluka m'zolembedwa

Wapampando anati zinawafika m'khutu kuti mlembi anaoneka pa maliro a mai Rebeca, anatunga madzi ndipo anagona komweko, zimene zikusemphana ndi lamulo lachitatu. Mlembi anavomera kuti anapitadi, ndipo anati anapita ngati munthu wa m'mudzi, buku la komiti analisiya kunyumba.

Wapampando anati iwonso mtima unawawawa, n'chifukwa chake anatumiza ufa kudzera kwa katekista. Dona Arlete anati iwo anatumiza mchere ndi sabau wochapira. A Cláudio anati anali m'dzenje la golide ndipo anamva mochedwa. Mlembi anafunsa ngati ufa ndi sabau zimadziwa kugwira khasu kumanda. Wapampando anati funsoli lisalembedwe. Ndalilemba chifukwa linafunsidwa.

Mlembi anachenjezedwa, ndipo chenjezolo analilandira.

4. Lipoti la wosunga kiyi

A Serafim anati konta sanaitsegule chiyambireni matenda a mkazi wawo kukula, koma foni sinachoke m'thumba mwawo ngakhale tsiku loika maliro. Anatinso munthu wina wolankhula Chipwitikizi chosalala anawaimbira, nadzitchula kuti ndi wa ku kampani ya kontayo, n'kunena kuti konta itsekedwa akapanda kumuwerengera kodigu imene ifike. Kodiguyo inafikadi, koma iwo anangodula foni. A Cláudio anati anachita bwino, chifukwa kampani siimbira munthu kumufunsa kodigu, ndipo ameneyo anali wakuba. Wapampando anati n'chifukwa chake komiti inasankha munthu wamtima wozizira ngati iwo.

Wapampando anafuna kupita ku mfundo yotsatira, koma a Serafim anati sanamalize. Anaimirira. Wapampando anawauza kuti atha kulankhula atakhala pansi, koma iwo anaimabe. Zimene ananena ndazilemba motalikirapo kuposa mmene ndimalembera, popeza ambiri a ife tinazimva mwa apo ndi apo, osati kuchokera pakamwa pawo.

Anati kumapeto kwa Novembro, dzuwa lili pamutu, mnansi wawo a Amadeu anafika akuthamanga. Mwana wamkazi wa a Amadeu, Cecília, anali atavutika ndi kubereka kuyambira dzulo lake, ndipo azamba anati afunika mota, njinga yamoto, yomutengera kuchipatala. Kumene amakhala a Serafim ndi a Amadeu kulibe redi, foni siigwira. Munthu wofuna kuimba amayenera kubwera ku chulu cha kuseri kwa chigayo chino, mtunda wa njinga. A Amadeu anapempha kuti atenge foniyo, athamange nayo. A Serafim sakanatha kupita okha chifukwa mai Rebeca anali akusanza magazi, panalibe wowasiyira. Kupereka foni kukanatanthauza kuchotsa loko, ndipo makodigu onse amafikira momwemo. Choncho ananama kuti yatha moto. Ali mkati monama, foniyo inalira m'thumba, belu limene anatchera lowakumbutsa mankhwala a odwala.

Anati a Amadeu sanatukwane. Anangoyang'ana thumbalo, n'kukwera njinga kukasaka foni kwina. Mota inabwera mochedwa. Cecília anapulumuka, koma khanda linafera panjira. A Serafim anati sadziwa ngati khandalo likanakhala moyo foni ikanapita, ndipo palibe amene angadziwe, koma funsolo amagona nalo n'kudzuka nalo.

Anati kuyambira pamenepo moni wawo anasiya kuyankhidwa. Akafika pa mjigo, anthu amamwazikana. Ku tchalitchi benchi imene akhala imakhala yawo okha. Kuno foni ndi ngati nkhwangwa kapena singano, sumakaniza mnzako, ndiye munthu amene wakaniza foni pa tsiku la magazi anthu amupatsa dzina limene sindilemba muno. Mai Rebeca atamwalira, adzukulu anati makasu awo atha moto. Amene anakumba manda ndi alamu a a Serafim ochokera ku Malowera pamodzi ndi katekista, ndipo a Serafim eni ake analowa m'dzenje, chinthu chimene namfedwa sachita. Izi mlembi anaziona ndi maso ake.

Kenako ananena mawu amene ndawalemba monga anatulukira:

"Za mudzi ndikanapirira. Koma Rebeca ankandiona ndikupita ndekha ku chulu ndi foni yokhoma, ndikubwera osanena kanthu. Anandifunsa kawiri, kenako analeka. Wapita akuganiza kuti mu foni umu muli mkazi wina. Ameneyo sindingamuuzenso. Amadeu ndiye alipo. Ndikupempha chimodzi mwa ziwiri: mundilole ndikakhale pansi pakhomo pake ndimuuze chimene ndinamukanira, kapena muchotse kiyiyu pa ine."

Atatero anakhalanso pa thumba lija.

5. Zokambirana pa pempho la a Serafim

Pa zowauza a Amadeu, a Cláudio anati n'zosatheka malinga kiyi akadali pa a Serafim. Anati kumigodi kwadzaza anthu ochokera mbali zonse, ambiri ndi ofuna kudyetsa ana awo basi, koma pali ena oyenda ndi zikwanje zosadulira mitengo. Atati amve kuti golide yense wa Kasupe amatseguka ndi nkhope ya munthu mmodzi, adzamudikirira panjira. Senya adzaitulutsa ndi nkhonya, ndipo nkhopeyo sadzaipempha n'komwe, adzangomugwira mutu. Anati akunena izi chifukwa sakufuna kudzakumba manda ena.

Dona Arlete anati a Amadeu ndi munthu wabwino, koma akadziwa iwo adziwa akazi awo, ndipo akadziwa akazi awo wadziwa mjigo wonse. Komiti inagwirizana kuti njira imeneyi yatsekedwa.

Pa zochotsa kiyi, a Cláudio anafotokoza kuti konta sisintha mwini. Munthu wina ayenera kutsegula yake ndi bilyeti yake ndi nkhope yake, kenako a Serafim asamutsire madola onse kumeneko. Konta yakale ikatsala yopanda kanthu, a Serafim adzakhala omasuka kuuza aliyense zimene akufuna, kupatula dzina la wosunga watsopano. Wapampando anati zimenezi n'zomveka, ndipo anafunsa amene angalandire kiyi.

Wapampando eni ake anati bilyeti yawo inatha ntchito, ndipo msewu wa ku Fíngoè, kumene amapangira mabilyeti, sukuyendeka mpaka mvula itatha. Dona Arlete anati bilyeti ali nayo, koma theka la makasitomala awo amabwera ku baraka kudzatchajitsa ndi kubwereka foni, ndiye atayamba kukaniza ndiye kuti atseke. A Cláudio anati iwo amagwira ntchito pansi pa nthaka, dzenje litawagwera ndiye kuti nkhope yapita ndi chuma chomwe, komanso ndi mlendo kuno, alimi sangagone tulo. Pa zimenezi sananame. Dona Arlete anatchula a Olímpio, wapampando anatchula mai Jacinta, ndipo kwa kanthawi zinaoneka kuti oyenera udindowu ndi okhawo amene sanabwere.

Wapampando anatembenukira kwa a Serafim n'kunena kuti walira mvula walira matope, ndipo tsiku limene ankalandira kiyi anaombera m'manja okha. A Serafim anavomera kuti anaombadi. Anati nthawi imeneyo ankaona ngati ndi ulemu.

Mvula inali kugogoda pa malata, ndipo aliyense anapeza chinthu choyang'ana pansi. Mlembi sanathe kupirira zimenezi, ndipo anati kiyi amupatse iye. Anati bilyeti yake ndi yatsopano, sakumba, sagulitsa, ndipo chipitireni bambo a ana ake ku Joni osatembenuka, pakhomo pake sipafika anthu ambiri kale, ndiye chimene angataye n'chochepa. Ndilembe poyera kuti ndinachita mantha mawuwo akutuluka, ndipo mantha ake sanathe mpaka pano ndikulemba.

Manja anakwera mofulumira kuposa pa nkhani ina iliyonse imene komiti ino inavoterapo. Wapampando anayamikira mlembi, anamuwerengeranso malamulo atatu aja pang'onopang'ono akumuyang'ana m'maso, n'kunena kuti ayamba kumugwira lero lomwe.

A Serafim anafunsa kuti zonsezi zitenga nthawi yotani. A Cláudio anati redi ikakhala bwino, konta yatsopano itha kutseguka sabata isanathe, ndipo kusamutsa madola ndi ntchito ya m'mawa umodzi. A Serafim anati ndiye kuti Lamulungu la mawa lino likadutsa, linalo adzakhala atapita kwa a Amadeu. Anati ali ndi tambala woyera amene anakana kumupha ngakhale pa maliro, akumusungira ulendo umenewo. Anamwetulira, ndipo ndinali ndisanawaone akutero chichokereni chaka chatha.

6. Kutsegula konta pamaso pa komiti

Dona Arlete anati kiyi asanayambe kusamuka, konta itsegulidwe komiti yonse ikuona, kuti wolandira adziwe chimene akulandira. Zinavomerezedwa. Mvula itakhalako pang'ono tinatuluka tonse kupita ku chulu. Chimanga cha wapampando chatalika chaka chino, kotero munthu wodutsa pamsewu sakanationa.

A Serafim anakwera pamwamba, ife tinaima m'munsi mwawo. Anatifulatira n'kulemba senya, ndipo inalowa. Kodigu inachedwa koma inafika, nayonso inalowa. Popeza panapita nthawi kontayo isanatsegulidwe, foni inapempha nkhope. Inawauza kuti ayang'ane kutsogolo, aphethire, atembenuzire mutu kumanja ndi kumanzere. Anachita zonsezo mofatsa monga amachitira zinthu zonse. Foni inaganiza kwa kanthawi, n'kulemba kuti nkhopeyo siikugwirizana ndi ya mwini konta.

A Cláudio anati ndi madzi a mvula pa galasi, analipukuta ndi malaya awo. Inakana. Wapampando anati ndi mdima wa mitambo, a Serafim anatembenukira kumene kunali kowala. Inakana. Dona Arlete anatambasula chitenje kumbuyo kwawo kuti chimanga chisasokoneze chithunzi, ndipo wapampando anawabwereka chipewa kuti mpala ubisike. Inakanabe.

A Cláudio anapempha bilyeti, naiika pafupi ndi nkhope ya mwini wake. Tonse tinayang'ana. Pa bilyetipo pali bambo wa masaya odzaza, wa ndevu zakuda ndi tsitsi lopesa bwino, amene akuoneka kuti akudziletsa kuseka chifukwa wina waima kumbuyo kwa wojambula. Amene anaima pa chulu anali ndi mafupa a m'masaya oonekera, maso olowa, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Dona Arlete anawauza kuti atukumule masaya. Anatukumula. Palibe anaseka, ndipo foni inakana.

A Serafim anatsitsa mkono, nayang'ana foniyo nthawi yaitali. Anati, motsitsa mawu, "Nayonso yandikana."

Tinabwerera m'kachipinda chifukwa mvula inayambanso kuwaza.

7. Chochita pa nkhope ya wosunga kiyi

Wapampando anafunsa a Cláudio ngati chuma chatayika. A Cláudio anati ayi, chili momwemo, kungoti palibe angachikhudze, ngakhale wakuba ngakhale ife. Anati njira ilipo yolembera ku kampani, koma kumeneko adzafuna vidiyo ya a Serafim atanyamula bilyeti, adzayerekezanso nkhope ziwiri zomwezi, ndipo akakayikira atha kuimitsa konta kwa miyezi. Njira ina ndi kupangitsa bilyeti ina yokhala ndi nkhope yatsopano, koma imeneyo ikudikira msewu, ndipo ikatero idikirenso ofesi. Anati m'maganizo mwawo njira yachidule ndi yakuti ndevu zimere, masaya abwerere.

Apa komiti inadzuka. Anthu amene kwa miyezi itatu sanafunse kuti a Serafim adya chiyani anayamba kupikisana pa zakudya zonenepetsa. Dona Arlete anati mazira ndi mpunga wothira mafuta. Wapampando anati phala la nsinjiro m'mawa uliwonse, ufa wake apereka iwo. A Cláudio anati mkaka wa mbuzi, ndipo akudziwa kumene ungapezeke. Dona Arlete anafunsanso ngati a Serafim amagona bwino, chifukwa kusagona kumalowetsa maso. Ndakhala mlembi wa komiti ino kuyambira pachiyambi, ndipo sindinaonepo chikondi chotere.

Wapampando anawerenga mfundo zimene komiti ikuganiza:

(a) Kusamutsa kiyi kwaimitsidwa mpaka foni itavomera nkhope ya a Serafim. Mpaka tsiku limenelo lamulo lachiwiri likuwagwirabe, ndipo a Amadeu asauzidwe kanthu.
(b) A Serafim asametenso ndevu. Ukafika mwambo womaliza maliro, amete mutu wokha. A Serafim anati alamu awo adzafunsa chifukwa chake, ndipo sadzakhala ndi chowayankha. Wapampando anati panthawiyo adzaona chonena.
(c) A komiti azipereka chakudya mosinthana, sabata iliyonse munthu mmodzi.
(d) A Serafim aziyesa nkhope Loweruka lililonse n'kupereka lipoti kwa wapampando.
(e) Mlembi apitirize kutsegula konta yake kuti idzakhale yokonzeka.

Wapampando anafunsa ngati pali funso. A Serafim anakweza dzanja ngati mwana wa shikola, ngakhale m'kachipindamo tinali anthu asanu okha.

Anati, "Chakudya kwanga chilipo. Nkhokwe sinathe, nkhuku zikuikira. Ndimaphika, ndimapakula, ndimakhala pansi, koma sichitsika. Ndiye ndifunse: amene adzabweretse chakudyacho, adzakhala pansi n'kudya nane?"

Wapampando anati lamulo lachitatu silinachotsedwe, ndipo tsopano ndi pamene likufunika koposa, chifukwa a komiti akayamba kulowa ndi kutuluka pakhomo pamene mudzi wonse ukupalambalala, ngakhale mwana adzafunsa kuti pali chiyani. Anati chakudyacho chizisiyidwa kuno ku chigayo, m'kachipinda muno, ndipo a Serafim azidzera m'chimanga kudzatenga.

Mlembi anati iye anachenjezedwa kale kamodzi, ndiye chenjezo lachiwiri silingamuphe. Anati azipita kwa a Serafim ndi mbale yake Lamulungu lililonse akatuluka ku tchalitchi. Wapampando anati mlembi waiwala msanga chimene wadzipereka kukhala. Anati dzulo akanatha kumuchenjeza n'kumusiya, koma lero ndi kiyi, ndipo makiyi awiri sakhala pansi pa denga limodzi, chifukwa wopeza onse awiri wapeza zonse. Mlembi anayang'ana a Cláudio kuti amuthandize. A Cláudio anati, akuyang'ana pansi, wapampando akunena zoona.

Mlembi anafunafuna chowatsutsa nacho ndipo sanachipeze. Izi ndizo zinandipweteka kuposa zonse za lero.

Mfundo zonse zisanu zinavoteredwa pamodzi. Ovomera: wapampando, Dona Arlete, a Cláudio. Wokana: mlembi. A Serafim sanavote. Anati nkhani ya nkhope yawo sangaiweruze okha.

8. Zina ndi zina

Dona Arlete anati payipi ya pampu yang'ambika pawiri, ndipo amene anaibwereka komaliza sakudziwika. Nkhaniyi inasiyidwira msonkhano wotsatira.

A Cláudio anati mwina asosiyasau igule kafoni kena kotchipa, ka mabatani, kuti wosunga kiyi azikhala nako, ndipo munthu akabwera kudzabwereka azimupatsa kameneko. Anati sadziwa chifukwa chimene sanaganizire zimenezi kale. Palibe anayang'ana kumene kunakhala a Serafim. Wapampando anati ndi maganizo abwino, koma popeza ndi nkhani yogula chinthu, idikire a Olímpio.

Wapampando anakumbutsa onse kuti potuluka tizituluka mmodzimmodzi, ndipo mlembi kuyambira lero azidzera njira ya kumsewu, a Serafim ya m'chimanga.

9. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, pa 15 Março 2025, pa malo omwewa, 9 koloko m'mawa. Mfundo yoyamba idzakhala lipoti la nkhope.

10. Kutseka msonkhano

Wapampando anatseka msonkhano 1 koloko itangopitirira, popanda pemphero, chifukwa Dona Arlete anali ataimirira kale ndipo kunja kunali anthu odikira kugayitsa. A Serafim anatuluka oyamba monga mwa dongosolo. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, ndipo chigayo chinaliranso.

Mlembi anatsala kukonza mapepala, n'kutuluka pomalizira. Potseka chitseko ndinaona kuti a Serafim sanapite kwawo. Anali atakweranso pa chulu, okha, mvula ikuwawaza pa mpala. Foni anaigwira patsogolo pa nkhope ndi manja awiri. Anayang'ana kutsogolo, anaphethira, anatembenuzira mutu kumanja, kenako kumanzere, n'kudikira. Atatero anayambanso. Potembenuzira mutu kumanzere anandiona, ndipo sanandiitane, chifukwa malamulo amawadziwa kuposa tonsefe. Ndinaima pang'ono, kenako ndinadzera njira ya kumsewu.

Zalembedwa ndi:

Eulália Miti
Mlembi

Zatsimikizidwa ndi:

Paulino Nyendwa
Wapampando